Enter the Dragon: Filimu ya Bruce Lee Yomwe Yakana Kukalamba

Pa 20 July 1973, Bruce Lee adamwalira ku Hong Kong atatupa ubongo, ali ndi zaka 32 zokha. Patangotha mwezi, filimu yake ya Enter the Dragon idayamba kuonetsedwa ku Los Angeles, ndipo anthu adakhamukirako. Mwini wake sadaone n'komwe khamulo. Lero padutsa zaka zoposa 50, mafilimu a ndewu atuluka osawerengeka, ena odya ndalama zoti n'kumangira mzinda, koma iyi anthu akuibwerezabe. Chinsinsi chake chili pa munthu mmodzi ndi zomwe thupi lake linkatha kuchita pamaso pa kamera.

Nkhani yake ndi yaifupi

Han, yemwe kale adali wa kachisi wa Shaolin koma adapanduka, ali ndi chilumba chakechake komwe amachititsa mpikisano wa ndewu zaka zitatu zilizonse. Mpikisanowo ndi chophimba chabe. Pansi pa nthaka akupanga mankhwala ozunguza bongo ndi kusunga atsikana ogwidwa ukapolo. Akazitape a Britain akutuma Lee kukafufuza, ndipo iye ali ndi mlandu wakewake: mlongo wake adadzibaya ndi galasi losweka pokana kugwiriridwa ndi anyamata a Han. Mfuti n'zoletsedwa pachilumbapo, choncho zonse zithera pa manja ndi miyendo.

Nkhaniyi si yozama. Idabwereka zambiri ku mafilimu a James Bond, mpaka chigawenga cha dzanja lochita kuikirira. Wotsogolera filimuyi, Robert Clouse, adali ndi ndalama pafupifupi madola 850,000 basi, zochepa zedi kwa kampani ngati Warner Bros.

Thupi lomwe silinama

Onetsetsani ndewu ya Lee ndi O'Hara, mmodzi wa anyamata a Han aja, wa chipsera kumaso. Awiriwo aima moyang'anizana, manja atagundana pamkono, bwalo lonse lili zii. Kenaka O'Hara ali pansi. Diso silidaone kuti chibakera chadutsa nthawi yanji. Adzuka, agundanitsanso manja, agwanso. Kamera ikuonetsa anthu onse awiri, popanda kudulirira chithunzi kuti ibise kanthu. Mafilimu ambiri a lero amadula chithunzi kangapo pa chibakera chimodzi, chifukwa wosewerayo sangathe kumenyadi motero. Apa padalibe choti abise. Lee adaphunzira wing chun kwa Ip Man ali mnyamata ku Hong Kong, adaphunzitsa anthu ku Seattle, Oakland ndi Los Angeles, ndipo ndewu za m'filimuyi adazikonza yekha.

Chomwe chimandikhudza kwambiri chili kumapeto kwa ndewuyo. O'Hara, atagonja, akuswa mabotolo kuti abaye Lee. Lee akumugwetsa n'kumudumphira, ndipo kamera ikusiya thupi lili pansilo n'kuyang'ana nkhope ya wopambana. Pankhopepo palibe chimwemwe. Milomo ikunjenjemera, maso ali ngati a munthu wofuna kulira. Wabwezera imfa ya mlongo wake, koma mlongoyo sadzuka. Ngwazi zambiri za mafilimu a ndewu zimapha munthu n'kuponya nthabwala. Lee adaonetsa kuti kupha kumapweteka wakuphayo, ndipo n'chifukwa chake timamukhulupirira.

Kenaka pali chipinda cha magalasi. Han wavala dzanja la mipeni, wamukanda Lee pamimba ndi kumaso, ndipo wabisala pakati pa zithunzi zake zambirimbiri. Liwiro silithandiza ngati sukudziwa woti ummenye. Lee akukumbukira malangizo a mphunzitsi wake n'kuyamba kuswa magalasiwo limodzilimodzi mpaka mdani weniweni aonekere. Mabala ofiira aja pathupi lopanda malaya ndiwo chithunzi chomwe chili pa zikwangwani ndi malaya padziko lonse. Nyimbo za Lalo Schifrin, yemwenso adapeka nyimbo ya Mission: Impossible, zimathandiza kuti mtima usakhazikike.

Yemwe adaloledwa kupambana

Ku America, Lee adasewerapo ngati Kato mu The Green Hornet mu 1966 ndi 1967, dalaivala ndi wothandiza wa mzungu. Apo ndi pomwe Hollywood inkaona kuti Mtchaina ayenera kuthera. Adabwerera ku Hong Kong, komwe The Big Boss ya 1971, Fist of Fury ndi The Way of the Dragon za 1972 zidaswa mbiri ya malonda. Ndipamene a Warner Bros. adamutsatira, n'kugwirizana ndi iye pamodzi ndi Raymond Chow wa Golden Harvest.

Tsono dziko lidaona mwamuna wa ku Asia, wochepa thupi, ali ngwazi ya filimu ya kampani yaikulu ya ku America. Pambali pake padali John Saxon, komanso Jim Kelly, katswiri weniweni wa karate, munthu wakuda yemwe m'filimumo akugwetsa apolisi atsankho n'kuthawa pa galimoto yawo. Achinyamata akuda a ku New York ndi Chicago adaziona zimenezi, ndipo sadaiwale. Aliyense yemwe adaderedwapo chifukwa cha khungu, msinkhu kapena umphawi adapeza mbale wake pa kanema.

Kwathu kuno, komwe wailesi yakanema ya boma idayamba mu 1999, ambiri adamudziwira Bruce Lee m'mavidiyo sho: kachipinda kamdima, mabenchi, tepi yotha ndi kuonera, ana akusuzumira m'ming'alu. Chingerezi sichinkafunika. Potuluka, aliyense ankapukuta mphuno ndi chala chachikulu n'kukuwa ngati iye.

Zidzukulu zake

Mpikisano wa ndewu pachilumba cha munthu woipa udabadwanso m'masewero a pakompyuta a Mortal Kombat mu 1992. Fei Long wa mu Street Fighter ndi Marshall Law wa mu Tekken ndi Bruce Lee wovala dzina lina. Gulu loimba la Wu-Tang Clan lidatcha chimbale chake cha 1993 Enter the Wu-Tang. Ndewu yotsegulira filimuyi, pomwe Lee ndi Sammo Hung avala magolovesi osatseka zala ndipo Lee akupambana pomupinda mnzake mkono, imafanana kwambiri ndi masewero a UFC omwe adayamba patatha zaka 20. Jackie Chan naye alimo, ali mnyamata wosadziwika, mmodzi wa alonda, yemwe Lee akumuthyola khosi pansi pa nthaka paja. Ku Britain, akuluakulu oona za mafilimu adadula gawo la nunchaku, timitengo tiwiri tolumikizidwa tija, kwa zaka zambiri poopa kuti achinyamata atengera. Mu 2004, Library of Congress ya ku America idaika filimuyi m'gulu la oyenera kusungidwa ngati chuma cha dziko.

Omwe adayesa kulowa m'malo mwake

Atangomwalira, opanga mafilimu adasaka anyamata ofanana naye n'kuwapatsa maina ngati Bruce Li, Bruce Le ndi Dragon Lee. Adatengera kametedwe, kakuwidwe ndi kaimidwe, koma oonera ankazindikira pa chibakera choyamba. Mu 1978, Clouse yemweyo adamaliza Game of Death, filimu yomwe Lee adaisiyira panjira, pogwiritsa ntchito anthu ena obisa nkhope ndi magalasi akuda. Penapake adachita kumata chithunzi cha nkhope ya Lee pagalasi, ndipo adaikamo ngakhale zithunzi za maliro ake enieni, chinthu chomwe sichidayenere kuchitika. Lee weniweni wa zomwe adajambula yekha akuonekamo mphindi pafupifupi 11, atavala suti yachikasu, akukwera nsanja kukakumana ndi Kareem Abdul-Jabbar. Mphindi zimenezo ndi zomwe anthu amafunafuna mpaka lero, ndipo suti yonga ija Quentin Tarantino adaiveka Uma Thurman mu Kill Bill mu 2003.