Galu akamatiyandikira panjira



Ambiri mwa ife timapita ku Swala ya Fajr kukadali mdima, ndipo ana athu amaweruka ku madrasa dzuwa litapendeka. Imeneyi ndiyo nthawi imene agalu a m'Chibavi amakhala atamasulidwa, ena akufukula m'maenje a zinyalala. M'miyezi ya June ndi July, nkhungu ya kuno ku Mzuzu imachititsa kuti galu timuone atafika kale pafupi.

Zikatero tisathawe. Kuthamanga kumamuutsa galu mtima wothamangitsa, ndipo palibe mwana angamupose liwiro. Tiime nji, manja tiwapinde pachifuwa, tisakuwe komanso tisamuyang'anitsitse m'maso chifukwa iye amaona ngati tikumuputa. Kawirikawiri amangonunkhiza n'kupita. Akapanda kuchoka, tibwerere m'mbuyo pang'onopang'ono osamufulatira, chikwama cha mabuku chili pakati pa ife ndi iye. Akatigwetsa, tidzipinde ndi kuphimba khosi ndi makutu.

Anyamata, kugenda agalu kuleke. Galu wogendedwa lero amakaluma kamwana ka sitandade 1 mawa, ndiponso chipembedzo chathu chimaletsa kuzunza nyama. Galu amene akudya, akugona kapena akuyamwitsa, n'ngosayandikira.

Choopsa kwambiri pa kulumidwa ndi chiwewe. Bungwe la WHO likuti matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ndipo mwa anthu 10 aliwonse olumidwa ndi nyama zoganiziridwa kuti zili ndi chiwewe, 4 amakhala ana osakwana zaka 15. Kachilomboka kamakhala m'malovu a galu, ndipo kakalowa pabala kamayenda m'mitsempha mpaka kubongo. Zizindikiro zikayamba kuoneka, kuchira kulibe. Koma katemera akaperekedwa msanga, munthu amapulumuka.

Choncho wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, kenako apite kuchipatala tsiku lomwelo, kaya ku Mapale kaya ku Mzuzu Central Hospital. Jakisoni wake si mmodzi. Amalize onse pa masiku amene achipatala anena. Apa tifotokoze bwino: kuyeretsa najisi ya malovu a galu ndi dothi, monga tinaphunzirira ku madrasa, si mankhwala a bala. Pabala pasapite dothi, phulusa kapena zitsamba.

Makolo, ana ambiri amabisa kuti alumidwa poopa kukalipiridwa, makamaka akangokandidwa pang'ono. Kukandako n'kokwanira kulowetsa kachilombo, ngakhale atakhala kagalu kakang'ono. Mwana akaulula, tiyambe tamutsuka. Mafunso abwere pambuyo.

Galu wolumayo, ngati mwini wake akudziwika, amangiriridwe ndipo a zaumoyo wa ziweto amuyang'anire kwa masiku 10, koma wolumidwa asadikire masikuwo asanapite kuchipatala. Amene timasunga agalu olondera pakhomo tiwabayitse katemera chaka chilichonse. Tsiku lokumbukira kulimbana ndi chiwewe padziko lonse ndi 28 September, ndipo tikupempha akomiti kuti adzakumbutse anthu za katemerayu pa Jumu'ah ya sabata imeneyo.