MANKHWALA A M'MUNDA NDI MTHENGA WA M'THUPI

Mlimi akafuna kukweza khasu, ubongo umatumiza uthenga m'mitsempha kufika ku minofu ya mkono. Koma mtsempha sugundana ndi mnofu; pakati pake pali kampata kosaoneka ndi maso. Cimene cimaolotsa uthenga pa kampatako ndi mthenga wochedwa acetylcholine.

Otto Loewi, katswili wa ku Graz m'dziko la Austria, ndiye anaonetsa mu 1921, poyesa pa mitima ya acule, kuti mitsempha imatumiza uthenga ndi mankhwala. Mu 1936 iye ndi Henry Dale wa ku Britain analandila mphotho ya Nobel.

Thupi limapanga mthengayu ku nsonga ya mtsempha polumikiza zinthu ziwili. Coyamba ndi choline, wopezeka m'mazila, ciwindi, nsomba, soya ndi nshawa. Caciwili cimacokela ku shuga wa m'zakudya monga nsima. Akapangidwa, amasungidwa m'timatumba kudikila nchito.

Uthenga ukafika, timatumbato timatseguka, mthenga naoloka, mnofu nukokeka. Pomwepo cinthu cina cochedwa acetylcholinesterase cimamudula pawili mofulumila koposa kuphethila kwa diso, kuti mnofu upumule. Choline uja amabwelela ku mtsempha kukagwilanso nchito.

Apa ndi pamene pagona ngozi. Mankhwala a gulu la organophosphate, monga malathion ndi dimethoate opopela mbeu, ndiponso ena osambitsila ng'ombe ku dibi, amapha tizilombo pomanga cinthu codula cija. Akalowa mwa munthu kudzela pakhungu, m'kamwa kapena m'mphuno, amacitanso cimodzimodzi. Mthenga amaculuka osacotsedwa. Munthu amayamba kucha malovu, thukuta ndi misozi, amasanza ndi kutsegula m'mimba, minofu imanjenjemela, mwana wa diso amacepa, ndipo kupuma kumavuta mpaka imfa.

Motelo popopela thonje kapena ndiwo, mlimi abvale zophimba thupi lonse, asayang'ane kumene kucokela mphepo, ndipo asadye kapena kukoka fodya asanasambe. Mankhwala asasungidwe m'botolo la zakumwa kapena pamene ana afikila.

Wina akakhudzidwa, abale amubvule zobvala, amusambitse ndi sopo, ndi kuthamangila naye ku cipatala atatenga botolo la mankhwalawo. Asamusanzitse, asataye nthawi kumumwetsa mkaka. Ku cipatala kuli jekeseni ya atropine imene imapulumutsa moyo ngati wodwala wafika msanga.