Kamera yatsopano kapena lenzi: mpamba upite kuti?

Nyengo ya maukwati ikayandikira, ojambula zithunzi ambiri amayamba kuikayikira kamera yawo. Mnzawo wabwera ndi yatsopano kuchokera ku Johannesburg kapena ku Dubai, makasitomala akumutsata, ndiye mtima umayamba kuthamanga. Koma asanatulutse mpamba wonse, wojambula ayenera kudziwa kuti kamera ili ndi zigawo ziwiri, bodi ndi lenzi, ndipo mitengo yake siyenda mofanana.

Mu 2018 Canon ndi Nikon adatulutsa mibadwo yatsopano ya makamera opanda kagalasi m'kati, otchedwa mirrorless. Canon EOS R idayamba kugulitsidwa pa madola 2,299 ku America, popanda lenzi. Chiyambireni pamenepo, makampaniwa akuika nzeru zawo pa mirrorless, ndipo ojambula a maiko olemera akugulitsa makamera awo akale a DSLR. N'chifukwa chake Canon 600D, 5D Mark III kapena Nikon D750 zogwiritsidwapo kale ntchito zimapezeka pamtengo wotsika kuposa kale.

Bodi imatsika mtengo ngati foni: ikatuluka ina, ya chaka chatha yakalamba. Lenzi yabwino imakhalitsa. Malenzi a Canon a mtundu wa EF alipo kuyambira 1987, ndipo amagwirabe pa bodi za mirrorless za Canon munthu akaikapo adaputa. Koma lenzi ya RF silowa pa DSLR, ndipo ya EF-S silowa pa 5D kapena 6D. Kufunsa izi musanapereke ndalama n'kofunika, chifukwa katundu wochokera kunja kumubweza n'kovuta.

Chomwe kasitomala amaona pa chithunzi nthawi zambiri chimachokera ku lenzi. Ya 18-55mm imene imabwera ndi kamera, ikakokedwa mpaka 55mm, imalowetsa kuwala pa f/5.6. Ya 50mm f/1.8, imene Canon idaitulutsa mu 2015 pa madola pafupifupi 125, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi ka 10. M'tchalitchi chamdima kapena pa chinkhoswe chimene chapitirira mpaka madzulo, kusiyanaku n'kwakukulu: nkhope ya mkwatibwi imaoneka bwino, khamu la kumbuyo limazimiririka, ndipo ndi zithunzi zotere zimene anthu amaika pa WhatsApp. Bodi yomweyo yakale imaoneka ngati yasinthidwa.

Za ma megapixel, ogulitsa amazikometsera kwambiri. Chithunzi chotsukidwa cha mainchesi 6 ndi 4 chimangofuna ma megapixel 2 ndi pang'ono, pomwe 600D ili ndi 18.

Sikuti bodi yatsopano ilibe ntchito. Amene amajambulanso vidiyo amapindula nayo, chifukwa mirrorless imatsata diso la munthu yokha ngakhale akuvina. Koma awerengenso zobwera nayo: adaputa, mabatire owonjezera poti mirrorless imadya moto msanga, ndi memory card yothamanga. Zonsezi zimagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, zida zochokera kunja zidakwera mtengo. Masamu ake ndi ofanana ndi a wogulitsa tomato: mtengo wonse augawe ndi phindu lotsala pa ntchito imodzi, atachotsa thiransipoti ndi kutsukitsa. Ngati yankho ndi maukwati ochuluka kuposa amene amapeza pachaka, kamerayo ndi yokhumbira chabe, si ya bizinesi.

Wogula bodi yogwiritsidwapo ntchito afunse shutter count, yomwe ili ngati makilomita a galimoto. Shutter ya 5D Mark III idapangidwa kuti ifike pafupifupi 150,000, choncho yomwe yadutsa 120,000 isagulidwe pamtengo wa yomwe ili pa 20,000. Lenzi aiunike ndi tochi ya foni. Timizere tooneka ngati ukonde wa kangaude m'kati mwa galasi ndi chuku, ndipo chimakonda chinyontho cha nyengo ya mvula. Timapaketi ta silica gel topezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano tisatayidwe, tiziikidwa m'chikwama cha kamera.