Oymyakon: Boma la Chisanu Kumene Anthu Akunka Nachepa

Kum'mawa kwa dziko la Russia, m'chigawo cha Sakha chimene ena amachitcha Yakutia, kuli distritu yotchedwa Oymyakon. Kukula kwake ndi makilomita 92,000 ndi kanthu mbali zonse, pafupifupi ngati dziko lonse la Portugal. Koma pa kalembera wa 1989 kumeneko kudapezeka anthu 31,078 okha. Mu 2002 adatsika kufika 14,670, ndipo mu 2010 adatsala 10,109. Kodi enawo adapita kuti?

Tiyambe ndi dera lenilenilo. Ndi dziko la mapiri, ndipo mtsinje wa Indigirka umadutsa pakati pake kulowera kumpoto. Mudzi wa Oymyakon uli m'chigwa. M'nyengo yozizira mpweya wachisanu umatsika m'mapirimo n'kukhazikika m'chigwamo ngati madzi m'mbale. N'chifukwa chake pa 6 Febuluwale 1933 kuzizira kudafika madigiri 67.7 kunsi kwa ziro. Pansi pa nthaka pamakhala pouma gwa ndi chisanu chaka chonse, kotero chimanga sichingamere. Anthu a mitundu ya Sakha ndi Even amadalira ng'ombe, akavalo, nsomba ndi nyama yonga mphalapala yotchedwa reindeer. Akavalo awo amagona panja, nafukula udzu pansi pa chipale ndi ziboda.

Distrituyi idakhazikitsidwa mu 1931. Chimene chidadzaza anthu ndi golide. M'nthawi ya Stalin akaidi ndiwo adakumba migodi ndi kulambula msewu wa Kolyma. Ambiri adafera pantchitoyo, mwakuti mpaka lero amautcha msewu wa mafupa. Pambuyo pake kudabwera antchito ochokera kutali, atakopeka ndi malipiro apamwamba. Soviet Union itatha mu 1991, thandizo la boma lidachepa, migodi ina idaima, ndipo obwerawo adalongedza katundu. Midzi ina ya m'migodi idatsekedwa n'kusanduka mabwinja.

Likulu la distritu silili ku mudzi wa Oymyakon, koma ku Ust-Nera, tauni imene mu 2010 idali ndi anthu 6,463. Kumeneko ndiko kuli mkulu wa distritu ndi khonsolo yake. Eni dziko amatcha distritu kuti ulus, ndipo madera a kumidzi amawatcha nasleg. Ntchito yaikulu ya akuluakulu a boma ndi moto: malasha ndi mafuta ziyenera kufika chisanu chisanayambe, pakuti sukulu kapena chipatala chopanda kutentha sichingagwire ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Golide akukumbidwabe, koma ambiri mwa okumbawo amabwera kwa miyezi yowerengeka n'kubwerera kwawo. Otsala chaka chonse m'midzi ya m'chigwa ndi oweta ziweto, amene makolo awo adalipo kale migodi isanatsegulidwe.