Zomwe mbewa zinatiphunzitsa za kachilombo ka HIV

Pali funso limene achinyamata amakonda kufunsa m'makalabu athu: "Ngati ma ARV amachititsa kuti kachilombo kasaoneke m'magazi, bwanji munthu osangosiya kumwa?" Funsoli ndi labwino. Yankho lake linayamba kupezeka kalekale Edzi isanadziwike, ndipo mwina mudabwa kumva kuti linachokera kwa mbewa zoweta m'labotale.

Khansa ya mbewa

M'chaka cha 1951, dokotala wina wa ku New York, Ludwik Gross, anatenga madzi a m'ziwalo za mbewa zodwala khansa ya m'magazi. Anawasefa mpaka osatsalamo selo ndi limodzi lomwe, n'kubaya tiana ta mbewa tongobadwa kumene. Patapita miyezi, tambiri tinadwala khansa yomweyo. Apa zinaonetsa kuti m'madzimo munali kachilombo kakang'ono zedi kopyola sefa. Poyamba akatswiri anzake sanamukhulupirire, koma mu 1957 mayi wina, Charlotte Friend, anapeza kachilombo kena kofanana nako, ndipo mu 1960 John Moloney anapezanso kena.

Mlembi wolemba chobwerera

Thupi lathu linapangidwa ndi maselo. M'kati mwa selo muli DNA, yomwe ili ngati buku lalikulu la malangizo a moyo. Selo likafuna kugwira ntchito limakopera tsamba la bukulo pa kakalata kotchedwa RNA. Akatswiri ankakhulupirira kuti njira ndi imodzi basi: kuchoka m'buku kupita pa kalata.

Koma tizilombo ta mbewa tija tilibe buku, tili ndi kakalata kokha. Nanga timakhazikika bwanji m'selo moyo wonse? Mu 1970, David Baltimore ndi Howard Temin a ku America, aliyense payekha, anapeza chinsinsi chake. Baltimore anachiona m'kachilombo ka khansa ya mbewa, Temin m'kachilombo ka nkhuku. Tizilomboti timayenda ndi mlembi wathu, dzina lake reverse transcriptase, amene amatenga kakalata kaja n'kukasandutsa tsamba la DNA. Kenako wantchito wachiwiri, integrase, amasokerera tsambalo m'buku la selo. Zikatero selo limawerenga tsamba lachilendolo ngati lake, n'kumapanga tizilombo tatsopano. Banja la tizilombo totere limatchedwa retrovirus, ndipo awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1975.

HIV ndi wa m'banja lomweli. Pamene Françoise Barré-Sinoussi ndi Luc Montagnier anapeza kachilomboka ku Paris mu 1983, anakazindikira chifukwa anaona ntchito ya mlembi uja m'maselo a wodwala. Pakanapanda kafukufuku wa mbewa ndi nkhuku, sakanadziwa choti afufuze. Patangopita zaka ziwiri, mu 1985, munthu woyamba anapezeka ndi Edzi kuno ku Malawi.

Mankhwala oyamba

AZT anapangidwa mu 1964 ndi Jerome Horwitz ngati mankhwala a khansa, koma sanathandize ndipo anangoikidwa padera. Mu 1974, Wolfram Ostertag ku Germany anaona kuti AZT amaletsa kachilombo ka Friend kuswana m'maselo a mbewa. Edzi itavuta, kampani ya Burroughs Wellcome inayesa mankhwala ambiri pa tizilombo ta mbewa, ndipo AZT anachita bwino. Atayesedwa pa HIV ndi pa anthu, analoledwa ku America mu 1987. Amenewa ndiwo anali ma ARV oyamba.

Boma la Malawi linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004. Kuyambira 2016, aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira kuti chitetezo chitsike. Kuchokera mu 2019, anthu ambiri amamwa piritsi limodzi patsiku lokhala ndi mankhwala atatu. Tenofovir ndi lamivudine amagwira dzanja mlembi uja, pamene dolutegravir amaletsa wosokerera tsamba. Mwaona? Antchito awiri omwe aja.

Tsono bwanji osasiya kumwa?

Ma ARV amaletsa kachilombo kulemba masamba atsopano, koma safufuta masamba amene anasokereredwa kale. Maselo ena oteteza thupi amagona zaka zambiri ali ndi tsamba la HIV m'kati, osaonetsa kanthu. Munthu akamamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, tizilombo timachepa mpaka makina osationa, thupi limabwerera mwakale, ndipo sapatsira wokondedwa wake pogonana. Koma akasiya, maselo ogona aja amadzuka, ndipo kwa anthu ambiri kachilombo kamabwereranso m'magazi pa masabata ochepa chabe.

Palinso china. Mlembi wa HIV ndi wosasamala, amalakwitsa kwambiri polemba. Munthu akamamwa modumphitsa, kachilombo kamaswana mankhwala ali ochepa m'thupi, ndipo zolakwika zina zimabala tizilombo tosamva mankhwalawo.

Nkhaniyi ikutikhudza kwambiri ife a kuno ku Mwanza. Msewu wochoka ku Zalewa umadutsa pa boda kulowera ku Zobue, Tete, Zimbabwe mpaka ku Joni. Anzathu ambiri amayenda: ena geni ya manachesi, ena maganyu, ena pa mathiraki. Pa ulendo m'pamene botolo limathera, kapena munthu amalisiya dala kunyumba poopa kuti anzake aliona. Ngati muli pa mankhwala ndipo mukuganiza za ulendo, pitani kaye ku chipatala cha boma cha Mwanza kapena kumene mumalandirira, mukawafotokozere. Anthu amene akumwa bwino amatha kupatsidwa mankhwala a miyezi ingapo. Musaiwale buku lanu la kuchipatala. Ngati munasiya kale, musachite manyazi, bwererani msanga.

Nanga mbewa za ndiwo?

Pasapezeke wina wopita kumudzi n'kukanena kuti mbewa zimapatsa Edzi. Ayi ndithu! Kachilombo ka khansa ya mbewa ndi HIV ndi pachibale chabe, si kamodzi. HIV anachokera ku kachilombo ka anyani akuluakulu a m'nkhalango za pakati pa Africa. Pakati pathu amafala pogonana mosadziteteza, kudzera m'magazi, komanso kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana.

Zokambirana pa kalabu

Mungamuyankhe bwanji mnzanu amene akuti wachira chifukwa magazi ake sakuonetsa kachilombo? Ndi zinthu ziti kwanuko zimene zimachititsa achinyamata kudumphitsa mankhwala? Kalabu yanu ingathandize bwanji mnzanu wopita kutali, popanda kuulula chinsinsi chake? Nanga inuyo munayezetsa liti magazi?