Likodzo lasintha maonekedwe m'mbali mwa nyanja

Kwa zaka zambiri ife a m'mbali mwa nyanja tinkadziwa likodzo la mtundu umodzi, lokodzetsa magazi lija. Ambiri tinakula tikumva kuti mnyamata akayamba kukodza magazi ndiye kuti akukula. Kafukufuku wa zaka zaposachedwa m'boma la Mangochi waonetsa kuti nthendayi ili ndi mbali zina zimene sitinkaziona.

Mu 2017 akatswiri a Liverpool School of Tropical Medicine pamodzi ndi anzawo a kuno kwathu anapeza m'magombe a Mangochi nkhono zazing'ono zaphwatalala zotchedwa Biomphalaria pfeifferi, zimene zinali zisanapezekepo m'nyanja ya Malawi. Nkhonozi zimasunga tizilombo ta likodzo la m'matumbo. Atayeza ana a m'sukulu za kufupi ndi nyanja, anapeza kuti likodzoli lafika kale pakati pawo. Kuopsa kwake n'kwakuti mkodzo sumaonetsa kanthu. Mwana amangodandaula m'mimba, nthawi zina amatsegula za magazi, ndipo pakapita zaka chiwindi ndi kapamba zimatupa. Kholo lodikira kuona magazi mu mkodzo likhoza kudikira mpaka matenda atazika mizu.

Kunabweranso nkhani ya asodzi. Dr Sekeleghe Kayuni anayeza umuna wa asodzi a ku Mangochi n'kupeza mazira a likodzo mwa pafupifupi mmodzi mwa asodzi 10 alionse. Kwa amayi, mazirawa amakakhala m'njira yoberekera n'kumayambitsa zilonda, kuyabwa ndi kutaya magazi. Zizindikirozi zimafanana kwambiri ndi za matenda opatsirana pogonana. Pano tiyenera kuima pang'ono, chifukwa milandu ya m'banja yotere imafika kwa ife mashehe. Mwamuna amabwera atakwiya, akuti mkazi wake wamuyenda njomba, pamene mayiyo sanapite kwina koposa kudooko kukachapa ndi kutsuka mbale. Tisanamve za talaka, tizifunsa kaye ngati onse awiri apita kuchipatala, ndipo akafika kumeneko azinena poyera kuti amakhala m'madzi a m'nyanja tsiku ndi tsiku.

Akatswiri apezanso kuti tizilombo ta likodzo la anthu tikuswana ndi ta likodzo la ng'ombe, makamaka mtundu wa Schistosoma mattheei. Choncho ng'ombe zimene zimamwera pamene ana amasambira zalowa nawo m'nkhaniyi.

Njira ya matendawa siyovuta kuimvetsa. Mazira amatuluka mu mkodzo kapena m'chimbudzi cha wodwala, amaswa m'madzi, tizilomboto timalowa mu nkhono, ndipo tikatulukamo timaboola khungu la aliyense amene ali m'madzimo. Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) analetsa kukodzera m'madzi oima, ndipo lamulo limeneli timaliphunzitsa m'madrasa pa mutu wa twahara. Koma lamulo lopanda chimbudzi pafupi silipita patali. Madooko ambiri alibe zimbudzi, ndipo makomiti a misikiti amene amatha kusonkhetsa ndalama za malata angathenso kukumba chimbudzi kugombe. Za udhu, madzi a m'nyanja ndi oyera pa malamulo a chipembedzo, koma kuyera kumeneko sikupha tizilombo. Madzi otungidwa akakhala mu ndowa masiku awiri, tizilomboto timakhala titafa. Owiritsa kapena a pa mjigo ndi abwinonso.

Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwa ulere m'sukulu. Mu 2022 bungwe la WHO linalangiza kuti m'madera amene likodzo lachuluka, mankhwalawa azifika kwa aliyense kuyambira zaka 2, akuluakulu ndi amayi oyamwitsa omwe. Vuto linali lakuti mbulu wake ndi waukulu ndi wowawa kwa mwana wamng'ono, koma mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza arpraziquantel, wosungunuka m'madzi, wa ana a miyezi 3 mpaka zaka 6.

Praziquantel amafuna m'mimba muli chakudya, apo ayi amachititsa chizungulire ndi nseru. Akaperekedwa m'mwezi wa Ramadhani, wosala apemphe wa zaumoyo kuti akamwere kunyumba atamasula. Mankhwalawa amapha tizilombo takulatakula tokha ndipo sateteza mawa, choncho msodzi amene wamwa chaka chino adzafunika kumwanso chaka chamawa.