Mcere, mafuta ndi fodya: mmene matenda a mtima angapewedwere

Matenda a mitsempha ya mtima amayamba mwakacetecete. Mafuta amaunjikana pang'onopang'ono m'kati mwa mitsempha imene imapereka magazi ku mtima, ndipo njira ya magazi imacepa. Munthu angakhale zaka zambiri osamva kanthu, kufikira tsiku limene mtsempha watsekeka. Pamenepo amamva kupweteka kapena kupanikizika pacifuwa, kupuma movutikira ndi kutuluka thukuta, ndipo afunika kupita naye kucipatala mwamsanga.

Cimodzi mwa zinthu zimene zimawononga mitsemphayi ndi kuthamanga kwa magazi, kumene ambiri amati BP. Kufufuza kwa STEPS kumene kunacitika mu Zambia mu 2017 kunaonetsa kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu anali ndi vutoli. Kunaonetsanso kuti anthu anali kudya magalamu 9.5 a mcere pa tsiku, pamene bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti mcere usafike magalamu 5, amene ndi kasupuni kamodzi kakang'ono. Mcere wambiri umabisala m'masoseji, m'nsomba zouma zothira mcere ndi m'zokometsera ndiwo za m'mapaketi.

Zakudya zoteteza mtima zimapezeka pamsika uliwonse. Cibwabwa, bondwe, kalembula, repu, nyemba, nshawa ndi zipatso monga mango ndi magwafa zimathandiza thupi. WHO imati munthu adye magalamu 400 a masamba ndi zipatso tsiku lililonse. Nsima ya mgaiwa ili ndi gaga wofunika m'thupi amene amacotsedwa mu unga woyera. Nyama yonona, zokazinga mu saladi wambiri ndi zakumwa za shuga n'zofunika kucepetsa.

Thupi limafunanso kugwira nchito. Mphindi 150 pa mlungu za kuyenda ndawala, kuchova njinga kapena kulima zimalimbitsa mtima ndi kucepetsa kunenepa.

Fodya amawononga makoma a mitsempha ndi kucititsa magazi kuundana msanga. Koma amene waleka kukoka, pakapita caka cimodzi ngozi yake ya matendawa imatsika kufika pafupifupi theka la ya munthu amene akali kukoka. Mowa wambiri nawo umakweza BP.

Popeza BP kawirikawiri sionetsa zizindikiro, njira yodziwira ndi kukapimitsa kukiliniki. Ngati manambala afika 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana, munthuyo afunika uphungu wa a zaumoyo. Amene anapatsidwa mankhwala apitirize kumwa ngakhale akumva bwino.